Selari wa ku Dedza ndi Ntcheu malo ake ndi mumphika

Selari, mbewu ya mapesi ataliatali onunkhira imene pa Chingerezi amati celery, wayamba kutchuka m'dziko muno, koma mbiri imene wabwera nayo si yoona. Mauthenga amene akuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook akuti mukagaya mapesi ake n'kumwa madziwo m'mawa musanalawe kanthu, BP imatsika, shuga amatheratu, impso zimatsukika ndipo mimba imaphwa. Wodwala akakhulupirira zimenezi amatha kusiya mapiritsi amene analandira kuchipatala, mapeto ake n'kugwa ndi sitiroko. Mlimi wa ku Bembeke kapena ku Lizulu amene akufuna kudzala selari chifukwa cha mphekesera yomweyi nayenso adzalira, chifukwa ogula obwera ndi bodza amachoka tsiku limene bodzalo laululika. Ine ndikufuna selari alimidwe kwambiri ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndiponso adyedwe m'makomo mwathu momwemuno. Koma alowe mumphika pamodzi ndi anyezi ndi tomato, chifukwa phindu lake lalikulu pa thanzi ndi lakuti amathandiza banja kuchepetsa mchere popanda ndiwo kuzizira.

Tiyambe ndi zimene zili m'kati mwake. Pa magalamu 100 a mapesi aawisi, omwe ndi mapesi awiri kapena atatu, pafupifupi magalamu 95 ndi madzi. Mphamvu zake ndi makalori 14 mpaka 16 basi, ndipo shuga wake ndi wochepa kwambiri. Muli magalamu 1.6 a ulusi uja umathandiza munthu kuti asadzimbidwe, mamiligalamu 260 a potaziyamu, 40 a kashiamu ndi 80 a sodiyamu, yemwe amapezekanso mu mchere. Vitamini K, amene amathandiza magazi kuundana pabala, alimo wokwana kotala kapena kupitirira pang'ono pa mlingo umene munthu wamkulu amafuna pa tsiku. Vitamini wina wotchedwa foleti alimonso koma pang'ono. Kwa munthu wodwala shuga kapena amene akufuna kuchepetsa thupi, ichi ndi chakudya chabwino: chimadzaza m'mimba, chimafuna kutafuna, ndipo sichinenepetsa.

Komabe tinene chilungamo. Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola ali ndi kashiamu woposa mamiligalamu 200 pa mlingo womwewo, ndipo ayironi ndi vitamini C wake amaposa wa selari kakhumi. Mayi amene wasiya bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya n'kumathamangira selari poganiza kuti wapeza ndiwo zapamwamba, waluza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo gawo lalikulu la mlingo umenewu liyenera kuchokera ku masamba athu obiriwira bii aja. Selari amangowonjezera.

Nanga ndikumulimbikira chifukwa chiyani? Chifukwa cha mchere. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Mchere wambiri ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakweza BP. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo mchere umene uli kale mu buledi, mu nsomba zouma ndi mu tchipisi cha pachiwaya. Tsopano taonani mmene tikuphikira masiku ano. Mchere wa m'dzanja umalowa poyamba, kenako kabuloko ka supu kapena ufa wokometsera msuzi wa m'kapepala, ndipo patebulo pamabweranso kambale ka mchere. Timabuloko tambiri timeneti theka la kulemera kwake, mwinanso kupitirira, ndi mchere weniweni. Timatigula chifukwa timafuna fungo ndi kukoma, ndipo apa m'pamene selari amagwira ntchito.

Fungo lake lija limachokera ku timafuta totchedwa phthalides. Mu 2008 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti timafuta timeneti timakometsa msuzi wa nkhuku ngakhale titakhala tochepa moti mphuno singatimve. Ophika a ku France anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake msuzi wawo umayamba ndi magawo awiri a anyezi, limodzi la karoti ndi limodzi la selari. Msuzi ukakhala ndi fungo lokwanira, lilime silifunsa mchere wambiri.

Zakuti selari amatsitsa BP mwachindunji zinachokera ku kafukufuku wa pa nyama ndi wa pa anthu ochepa, ndipo kafukufuku wambiri anagwiritsa ntchito mankhwala otengedwa ku njere, osati mapesi amene timadya. Umenewo si umboni wokwanira kuti munthu asiye mapiritsi. Kumwa madzi ake ogaya kulinso ndi vuto lina. Mukasefa mumataya ulusi, womwe ndi umodzi mwa ubwino wake. Kuti mudzaze botolo la theka la lita pamafunika pafupifupi mutu wonse wa selari, ndipo mutu wa magalamu 500 uli ndi sodiyamu wofanana ndi galamu imodzi ya mchere. Mutu womwewo ukanakometsa ndiwo za banja lonse kwa sabata yathunthu.

Pali anthu amene ayenera kusamala. Amene akumwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene amadya, chifukwa vitamini K amalimbana ndi mankhwalawo. Ayambe afunsa dokotala. Wodwala impso amene anauzidwa kuti achepetse potaziyamu asamwe madzi a selari. Mayi woyembekezera angadye selari wa m'ndiwo bwinobwino, koma asamwe njere zake ngati mankhwala. Anthu ena thupi lawo siligwirizana naye: amamva kuyabwa m'kamwa, milomo imatupa, ena amabanika. Ku Ulaya selari ali m'gulu la zakudya 14 zimene lamulo limakakamiza kuti zilembedwe pa paketi chifukwa cha vuto limeneli. Amene wabanika atadya athamangire naye kuchipatala. Ndipo mbewu ya m'paketi yogula kusitolo ya zaulimi isalowe m'kamwa, nthawi zambiri imakhala yopakidwa mankhwala.

Ena anena kuti izi ndi ndiwo za azungu, ife tili nazo zathu. Tomato ndi mbatatesi zinachokera ku South America, kabichi anachokera ku Ulaya, koma lero ndani angaganize za Lizulu kapena Tsangano popanda mbewu zimenezi? Chimene chimapangitsa mbewu kukhala yathu ndi kuidziwa kuilima ndi kuiphika, choncho tiyeni tilowe kukhitchini.

Yambani ndi kutsuka. Thyolani phesi lililonse palokha kuchokera patsinde, chifukwa dothi limabisala mu ngalande ya m'kati mwa phesi, kumunsi koyera kuja. Pakani ndi chala m'madzi aukhondo. Ngati mudye wosaphika, madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini. Madzi ambiri othirira m'madimba amachokera m'zitsime zosatetezedwa, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 isaiwalike msanga. Mapesi akunja amakhala ndi mitsitsi yolimba kumsana kwake. Thyolani kansonga n'kukokera pansi, mitsitsiyo idzatsatira, monga mmene timasadzulira nkhwani. Phesi labwino likathyoledwa limalira kuti thyo, ndipo pothyokapo pamatuluka timadontho ta madzi. Lopindika osathyoka ndiye kuti lafota. Liimikeni m'kapu ya madzi ozizira kwa ola limodzi lidzalimbanso. La mphako m'kati, looneka ngati thonje, lakalamba, ndipo lingothandiza pa msuzi wowiritsa basi.

Nyemba ndiye poyambira pabwino chifukwa banja lililonse limaphika. Viikani makapu awiri a nyemba usiku wonse, muwiritse mpaka zifewe. Mumphika wina thirani masupuni aakulu awiri a mafuta, anyezi mmodzi wamkulu ndi mapesi awiri a selari oduladula tating'ono, kukula kwake kosaposa njere ya chimanga. Kazingani pa moto wochepa kwa mphindi 6 mpaka 8, kufikira selari afewe ndi kuwala koma asapsereze. Thirani tomato atatu, akasungunuka muike nyemba ndi msuzi wake, zibwate mphindi 15. Mchere thirani theka la umene mumathira masiku onse, mulawe, kenako muwaze masamba a selari odula odzaza dzanja limodzi patatsala mphindi zitatu kuti muphule.

Zolakwika zimene zimachititsa ana kukana ndiwo za selari ndi zodziwika. Moto ukachuluka, selari amapserera n'kuwawa. Akachuluka kuposa anyezi, fungo lake limaphimba china chilichonse, choncho pa magawo awiri a anyezi ikani gawo limodzi la selari. Akadulidwa zikuluzikulu n'kuikidwa mochedwa, amakhala wolimba m'kamwa ndipo amanunkha chiwisi. Masamba akawira nthawi yaitali amada ndi kuwawa. Soda musamuyandikize n'komwe: amaphwetetsa mapesi ndipo amaononga mavitamini.

Nkhuku yachikuda, mang'ina ndi nyama ya mafupa zimafuna njira ina. Izi zimawira ola ndi theka kapena kupitirira, choncho tengani mapesi atatu akunja, olimba aja, muwadule pakati n'kuwaponya mumphika pachiyambi pomwe pamodzi ndi anyezi ndi adyo. Pophula muwavuule, ntchito yawo yatha. Msuzi wotere sufuna kabuloko. Pa usipa wouma phesi limodzi ndi lokwanira, ndipo ngati nsombayo ndi yothira mchere, yambani mwaiviika m'madzi ofunda n'kutaya madziwo, mchere wina musathirenso. Madzulo a mu Juni, chisanu chikatsika m'phiri la Dedza, wiritsani kilogalamu imodzi ya mbatatesi, mapesi anayi, karoti awiri ndi anyezi mmodzi mu lita ndi theka ya madzi kwa mphindi 25, mufinye ndi chipande mpaka zikhale phala lopyapyala. Agogo opanda mano ndi ana aang'ono amamwa bwino. Wosaphika amakoma mu saladi wa kabichi ndi karoti wothira mandimu, koma gwiritsani ntchito mapesi am'kati otuwa aja, odula mopyapyala. M'ndiwo zotendera ine sindimulimbikitsa, fungo lake limakangana ndi nsinjiro.

Mchere musauchepetse tsiku limodzi. Chotsani kotala kwa sabata ziwiri, kenako kotala ina. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Mchere wochepa umene mukuthirawo ukhalebe wa ayodini.

Masamba asatayidwe, chifukwa ndi amene ali ndi vitamini C, kashiamu ndi karotini wambiri kuposa mapesi. Otsala ayanikeni pa lichero pamthunzi podutsa mphepo, osawafutsa, kwa masiku atatu kapena asanu mpaka azifumbutuka m'manja. Sinjani, musefe, musunge m'botolo louma lotseka bwino. Supuni yaing'ono imodzi ya ufa umenewu imakwanira mphika wa ndiwo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene selari wolimidwa pafupi amaposera wochokera kutali: woyenda masiku m'galimoto amafika atadulidwa masamba ambiri, atayamba kufota, ndipo vitamini C ndi foleti zimachepa akamakhalitsa.

Dedza ndi Ntcheu ali ndi mwayi umene maboma otentha alibe. Selari amakula bwino pa madigiri 15 mpaka 21, ndipo tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Mapiri a Bembeke, Lizulu ndi Tsangano ali ndi nyengo yomweyo, madimba alipo, ndipo msewu wa M1 umafikitsa katundu ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza, m'mawa womwewo. Koma mlimi wozolowera kabichi ndi repu adziwiretu kuti mbewu iyi ndi yovuta kuposa zimenezo.

Vuto loyamba lili panazale. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 2,500, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Amene amazikwirira ngati za kabichi amadikira pachabe n'kumanena kuti anamugulitsa mbewu yakufa. Sakanizani njere ndi mchenga wouma, muwaze pamwamba pa dothi losefa losakaniza ndi manyowa owola, mutsendere ndi chikhatho, muphimbe ndi udzu wochepa woti dzuwa lizilowa. Thirirani ndi kheni ya timabowo tating'ono m'mawa ndi madzulo. Pamwamba pakangouma tsiku limodzi, zatha. Zimamera pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo mbande zimakhala panazale masabata 8 mpaka 10, kufikira zitakhala ndi masamba anayi kapena asanu. Mitundu yodziwika ndi Tall Utah ndi Giant Pascal, yobiriwira, komanso Golden Self-Blanching, yotuwirako.

Nthawi yofesa ndi yofunika. Mbande zikakhala pa chisanu chosafika madigiri 10 kwa masiku khumi kapena kupitirira, zimatha kuthamangira kutulutsa maluwa, mapesi n'kukhala olimba ndi owawa. Choncho kuwokera mu Juni kapena Julayi pansi pa dambo, pamene chisanu chimagona, n'kutaya mbande. Fesani mu Febuluwale pansi pa kadenga koteteza ku mvula yamphamvu, muwokere mu Epulo, mudzakolole kuyambira Julayi. Ulendo wachiwiri fesani mu Juni pamalo otetezeka, muwokere mu Ogasiti, koma pokhapokha ngati chitsime chanu sichiphwa mu Okutobala.

Pa bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, konzani mizere itatu yotalikirana masentimita 30, ndipo mumzere mbande zitalikirane masentimita 25. Zimakwana 120. Musakwirire mtima wa mbande, dothi lilekeze pamene linalekeza panazale. Selari amadya kwambiri: thirani makilogalamu 4 kapena 5 a manyowa owola bwino ndi magalamu 50 a D Compound pa sikweya mita iliyonse musanawokere, kenako magalamu 20 a CAN, omwe ndi masupuni aang'ono anayi, pa sikweya mita masabata atatu alionse. Musabzale pamene panali karoti chaka chatha, ndi banja limodzi ndipo matenda awo amapatsirana.

Madzi ndiwo amaweruza zonse. Mizu ya selari ndi yosazama, ndipo bedi limeneli limafuna malita osachepera 300 pa sabata, ndiye kuti makheni anayi kapena asanu a malita 10 tsiku lililonse, ochulukirapo kukatentha. Phimbirani ndi udzu. Mukamathirira modumphadumpha, timasamba ta pakati penipeni timayamba kuda kunsonga, kenako mtima wonse umawola n'kununkha pomwe kunja kukuoneka kobiriwira. Ambiri amathamangira kupopera mankhwala, koma si tizilombo. Ndi kashiamu amene walephera kufika ku masamba anthete chifukwa madzi sanayende mokwanira, ndipo feteleza wa nayitrojeni akachuluka vutoli limakula. Mapesi akamang'ambika mopingasa ndi timizere tofiirira, m'dothi mukusowa boroni, chakudya cha m'nthaka chimene mbewu zimafuna pang'ono chabe. Yang'anani pa thumba la feteleza ngati palembedwa B, chizindikiro cha boroni, ndipo musachepetse manyowa.

Madontho ofiirira pa masamba okhala ndi timadontho takuda m'kati mwake ndi chiwawu chotchedwa Septoria. Chimayenda ndi mbewu komanso ndi madzi odontha pa masamba. Thirirani pansi, musalowe m'munda masamba ali onyowa, ndipo masamba odwala muwachotse n'kuwakwirira kutali. Nsabwe za m'masamba ndi nkhono zimabisala pakati pa mapesi, choncho muzifunyulula n'kuyang'ana sabata iliyonse. Ngati mwapopera mankhwala, werengani masiku odikira amene alembedwa pa botolo ndipo musakolole asanakwane. Selari sasendedwa, ena amadya wosaphika, ndipo mlimi amene amapopera dzulo n'kugulitsa lero akudyetsa anthu poizoni. Pa nkhani iyi alangizi a zaulimi asatope kulankhula.

Okolola adziteteze. Madzi a selari, makamaka wowola uja wa nkhungu yoyera kapena yofiirira patsinde, akakhudza khungu kenako n'kuombedwa ndi dzuwa amatulutsa matuza ngati a moto, ndipo zipsera zakuda zimakhala miyezi. Valani malaya a manja aatali, mukolole m'mamawa, musambe m'manja ndi sopo mukangomaliza.

Mutu wonse umakhwima pakapita masiku 90 mpaka 120 chiwokereni. Amene akufuna mapesi otuwa, osawawa kwambiri, omwe mahotela amakonda, akulunge mapesi ndi pepala lolimba masabata awiri kapena atatu asanakolole, masamba atsale panja. Koma kudalira mahotela ndi masitolo akuluakulu okha n'koopsa, chifukwa ndi ochepa ndipo alimi khumi akakolola sabata imodzi mtengo umagwa. Msika waukulu ndi amayi ogula ndiwo za tsiku limenelo, ndipo iwo safuna mutu wonse. Mlimi azithyola mapesi awiri kapena atatu akunja pa chomera chilichonse sabata iliyonse, mtima n'kuusiya uzikula, ndipo bedi limodzi lidzapereka kwa miyezi ingapo. Wogulitsa pa Lizulu, pa Chimbiya kapena pamsika wa Ntcheu amange timitolo ta mapesi awiri ndi masamba ake, aike pamulu umodzi ndi anyezi ndi karoti, ndipo azitha kufotokozera wogula mmene angaphikire mu nyemba. Timitoloto aziimike m'beseni la madzi aukhondo ofika zala ziwiri, pamthunzi, ataphimba ndi chiguduli chonyowa, chifukwa selari wosiyidwa padzuwa pa benchi amafota msika usanathe.